Ndiwaphunzitse bwanji ana kuzindikira miyala popanda labu?

Mphunzitsi wina wa Geography wa pa sekondale yoyendera ku Balaka wandilembera imelo. Akuti ana ake amaloweza bwino mawu oti igneous, sedimentary ndi metamorphic, koma akawapatsa mwala m'manja amangouyang'ana kukamwa kuli yasa. Labu palibe. Atani?

Aphunzitsi, mayinawo ayambe adikira. Lachisanu uzani mwana aliyense kuti Lolemba abwere ndi mwala umodzi wa kwawo, ndi kapepala kolemba pamene wautola: kumtsinje, kumunda, paphiri. Kenako muswe miyalayo, chifukwa kunja kwake mvula ndi dzuwa zinasintha kale mtundu, zoona zili mkati. Poswa kulungani mwalawo m'chiguduli. Ndikunenetsa apa, tizidutswa timathamangira m'maso.

Funso loyamba likhale lakuti: ukuona chiyani? Ngati muli timibulu tonyezimira tolowanalowana popanda mizere, kawirikawiri mwalawo ndi wa gulu la igneous, unauma pang'onopang'ono pansi pa nthaka kuchokera ku chiphala chotentha. Mapiri a Mulanje ndi Zomba ndi otero, a syenite ndi granite. Ngati uli ndi mizere yoyera ndi yakuda yopindikapindika, kawirikawiri ndi gneiss, wa gulu la metamorphic, amene wadzaza madera ambiri a dziko lino. Ngati ukuyoyoka mchenga mukaukhula ndi chala, ndi sandstone, wa gulu la sedimentary, monga wa ku Rumphi kumene amakumba malasha ku Mchenga. Dzina libwere pomaliza, mwana atafotokoza yekha m'mawu ake.

Chimene ndimakonda kwambiri ndi kuyesa kulimba. M'chaka cha 1812 Friedrich Mohs anasanja mamineralo, zinthu zimene zimapanga miyala, potengera kulimba kwake kuyambira 1 mpaka 10, talc wofewetsetsa pansi, dayamondi pamwamba. Simufunika kugula kanthu. Chikhadabo chili pa 2.5, galasi la botolo pafupifupi 5.5. Nsangalabwi yoyera ija ana amaseweretsa ndi quartz, ili pa 7, ndipo imakanda botolo mzere wosafufutika. Apa m'pamene kalasi imadzuka, ngakhale aja okhala kumbuyo. Koma muwakumbutse kuti muyesowu ndi wa mineralo imodzi, pomwe mwala ngati granite ndi wosakanikirana, mbali ina ikanda, ina ayi.

Inu muli ndi mwayi woposa anzanu, chifukwa ku Chenkumbi, ku Balaka komweko, anthu amaotcha miyala ya laimu. Pezani chidutswa. Chipaleni ndi msomali mpaka patuluke ufa, mudonthezerepo viniga wa kugolosale, ana ayandikire. Muona tithovu, nthawi zina mumva ndi kaphokoso komwe. Ndi mpweya wa carbon dioxide ukutuluka mu calcite, mineralo yopezeka m'miyala ya laimu. Viniga ndi wofooka, n'chifukwa chake ufa umathandiza. Donthezaninso pa nsangalabwi, sipachitika kanthu, ndipo miyala iwiri yoyera yooneka ngati yofanana yasiyanitsidwa pomwepo.

Padzapezeka mwana wobwera ndi mwala wonyezimira, akukhulupirira kuti watola golide. Musamuseke chonde. Mupatseni singano asende yekha. Zonyezimirazo zikamachoka ngati timamba topyapyala, ndi mica.

Miyala ina idzakukanikani ndithu. Ilembeni nambala, muisunge m'katoni pamodzi ndi kapepala kake ka malo. Mukadzakhala ndi ulendo wa ku Zomba, itengereni ku dipatimenti ya Geological Survey mukafunse akatswiri, yankho mudzabwere nalo kwa mwana amene anautola.