Kabuku ka m'mawa kapena kulingirira mawu? Yankho kwa mayi wa ku Cosmo City

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Cosmo City kuno ku Joni ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Fourways. Ndaidulako pang'ono, ndipo dzina ndasunga monga anapemphera.

"Abambo, ine m'mawa uliwonse ndikakwera teksi ndimawerenga mawu a tsikulo pa foni: vesi limodzi, kandime kofotokozera, kenako kapemphero. Ndachita zimenezi zaka zitatu. Lamulungu lapitali mayi mnzanga wa ku tchalitchi anandiuza kuti zimenezo ndi za ana, Mkhristu wokhwima amachita meditation. Koma madamu anga nawo amachita meditation. Amayala kamphasa, kupinda miyendo, kutsinzina, zii kwa theka la ola. Kodi ndi zimenezo akundiuzazo? Si za mizimu ina? Nanga zowerenga zangazi ndisiye?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndi losavuta. Musasiye. Munthu wodzuka 4 koloko m'chisanu cha Juni cha kuno, kukaima pamzere wa teksi kudakali mdima, n'kupezabe kampata kotsegula mawu a Mulungu, sayenera kunyozedwa ndi aliyense. Mnzanuyo analakwitsa kayankhulidwe. Koma m'mawu ake muli kanthu, ndipo n'kamene ndikufuna tikambirane.

Chasokoneza apa ndi Chingerezi, chimene chimatchula zinthu ziwiri zosiyana ndi dzina limodzi. Zimene amachita madamu anu mizu yake ili ku India, m'zipembedzo za Chihindu ndi Chibuda, ngakhale ambiri ochita zimenezi m'mayadi a kuno sapembedza chilichonse, amangofuna mtima ukhale m'malo. Munthu amamvetsera kapumidwe kake, maganizo akabwera n'kuwasiya adutse. Kukhala chete n'kumapuma bwino ine sindiona tchimo lake, ndipo musakayambe kudzudzula ziwanda m'nyumba ya eni, ntchito ingakuthereni. Kungoti si zimene Baibulo likunena.

Tsegulani Yoswa 1:8. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, limati: "Buku ili la chilamulo lisachoke pakamwa pako, koma ulingiriremo usana ndi usiku." Taonani mawu akuti pakamwa. Ife tikanayembekeza kuti anene m'mutu kapena mumtima. Mawu a Chiheberi amene anamasuliridwa kuti kulingirira ndi hagah, omwenso ali pa Salimo 1:2, ndipo ndi mawu a phokoso. Pa Yesaya 31:4 akufotokoza mkango ukudzuma pamwamba pa nyama imene wagwira, abusa akukuwa koma iwo osasuntha. Pa Yesaya 38:14 ndi kulira kwa nkhunda. Ndiye munthu wa mu Salimo 1 uja sakhala duu ndi mutu wopanda kanthu ayi. Milomo yake ikugwedezeka, akunong'ona mawu omwewo, kuwabwereza, kuwatembenuza uku ndi uku, ngati mkango wokana kusiya nyama yake.

Kale anthu ambiri ankawerenga choncho. Pa Machitidwe 8 Filipo anachita kumva mdindo wa ku Itiyopiya akuwerenga Yesaya ali m'galeta. Patapita zaka zoposa mahandiredi atatu, Augustine, mlembi wotchuka wa Chikhristu, ataona bishopu Ambrose wa ku Milan akuwerenga ndi maso okha, lilime lili phee, anachiona chachilendo mpaka anachilemba.

Ine phunziro limeneli ndinaliona kaye ndi maso ndisanalipeze m'mabuku. Agogo anga aakazi ku Ntcheu sankadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo. Mavesi anawaloweza m'kalasi ya ubatizo ali mtsikana, ndipo anali ochepa, mwina osakwana makumi awiri. Koma akakhala pakhonde kutong'ola chimanga, umangomva akung'ung'udza okha. Ife ana tinkaseka kuti ukalamba wayamba. Ukayandikira n'kumva kuti ndi Salimo 23, mzere umodzi womwewo, nthawi zina n'kuima, n'kuseka, n'kunena kuti "eya, sindidzasowadi." Analibe kabuku, analibe foni, manja ali pa ntchito. Mpaka lero sindinapeze wondifotokozera hagah bwino kuposa khonde lija.

(Alaliki ambiri amati mawu a Chiheberiwa amatanthauza kubzikula kwa ng'ombe. Si zoona. Fanizo la kubzikula linachokera kwa Akhristu akale, makamaka amonke, ndipo ndi fanizo labwino, koma tisamanamizire Chiheberi.)

Tsopano zowerenga zanu zija. Zilinso ndi mbiri yolemekezeka. Ku Herrnhut, m'dziko la Germany, Zinzendorf, mtsogoleri wa mpingo wa Moravian, anayamba mu 1728 kupatsa abale a mpingowo vesi loti ayende nalo tsiku lonse, ndipo kuyambira 1731 mavesiwo akhala akusindikizidwa chaka ndi chaka mpaka lero. Timabuku tonse ta mawu a tsiku ndi tsiku timene timadziwa kwathu, ndi izi zobwera pa WhatsApp zili ndi maluwa m'mbalizi, ndi zidzukulu za mwambo woterewu. Onjezanipo mapemphero a pabanja madzulo, nyimbo za m'buku, milaga, kusala kudya, kolona kwa abale athu Achikatolika ndi miphakati yawo. Zonsezi ndi mpanda wa tsiku: zimamuikira munthu nthawi ndi njira kuti asaiwale Mulungu. Popanda mpanda mbuzi zimalowa, ndipo mbuzi za ku Joni kuno n'zambiri: lendi, mapepala, ndalama zoti utumize kumudzi, mafoni a maliro.

Koma kandime kofotokozera kaja ndi nzimbe yotafuna wina. Mlembiyo anakhala pansi ndi vesilo, analimbana nalo, n'kukufinyirani madzi ake m'kapu. Madziwo ndi otsekemera ndithu, ndipo amalowa msanga. Vuto lake n'lakuti munthu atha kumwa choncho zaka khumi mano ake osagundapo nzimbe. Dziyeseni nokha: ikamakwana 10 koloko, mukusita malaya a abwana, kodi mungatchule vesi limene munawerenga m'teksi? Ine zaka zambiri sindikanatha. Ndinkangokumbukira kuti ndawerenga, mtima n'kukhala pansi ngati munthu amene wasaina buku la pageti.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa limeneli. Wosankha mavesi a tsiku ndi tsiku amasankha okoma. Ndikupatseni chitsanzo cha moyo wanga.

Zaka zanga zoyamba kuno ndinali mlonda wa usiku pa nyumba ina ya maofesi. Mapepala anali atatha, mkazi ndi ana ali kumudzi. Vesi limene linkazungulira pa mafoni athu, ndipo likuzungulirabe, ndi Yeremiya 29:11, pamene Yehova akuti akudziwa zimene akulingirira anthu ake, za mtendere osati za choipa, kuti awapatse chiyembekezo. Ine ndinalimva motere: chaka chino mapepala atuluka, Disembala ndipita kwathu pa galimoto yangayanga. Usiku wina bandulo itatha ndinatsegula Baibulo la pepala, ndipo poti kunalibe chochita china ndinawerenga mutu wonse.

Ndi kalata. Yeremiya ali ku Yerusalemu akulembera Ayuda amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo pamodzi ndi mfumu Yekoniya, m'chaka cha 597 Yesu asanabadwe. M'mutu 28 mneneri wina, Hananiya, anali atalonjeza kuti pasanathe zaka ziwiri onse abwerera. Uthenga wokoma, wa mtundu womwe umadzaza maholo Lamulungu m'tauni muno. Yeremiya akuti ayi: mangani nyumba, limani minda, kwatirani, berekani ana. Vesi 10 likuti zaka 70. Ndiye kuti ambiri mwa amene anamva kalatayi ikuwerengedwa anafera ku Babulo komweko, lonjezo lija n'kudzalilandira ana ndi adzukulu. Ndipo "inu" wa pa vesi 11 si ulemu wopatsa munthu mmodzi monga timachitira ife. M'Chiheberi ndi anthu ambiri, mtundu wonse.

Koma limene linandigwira pakhosi ndi vesi 7: funani mtendere wa mzinda umene ndakutengeraniko, muupempherere kwa Yehova, pakuti mumtendere wake inunso mudzapeza mtendere. Ndinayenda nalo masabata atatu. Ndikamazungulira mpanda ndi tochi ndinkalinena chapansipansi. Mzinda uti? Uno? Uno womwe mu Meyi 2008 chipwirikiti chinayambira ku Alexandra, anthu oposa 60 n'kuphedwa m'dziko muno, Amalawi ambiri n'kuthawa ndi zovala za m'thupi zokha? Uno womwe m'teksi umaopa kuyankha foni m'Chichewa? Ndinakangana nalo vesilo. Ndinati ife si Ayuda, Joni si Babulo, palibe anatimanga unyolo, basi tinakwera tokha pa Wenela. Zonsezo n'zoona. Komabe ndinapeza kuti chibwerere sindinapemphererepo mzinda uno ngakhale kamodzi. Ndinkangopempha kuti ndiudye n'kuthawa. Usiku wina ndinayesa, mawu ake akutuluka mokakamiza ngati ndikumeza mankhwala owawa, ndipo ndinatchula dzina la mnzanga wa pageti, Mzulu, amene sitinkamwerana madzi. Sindikunena kuti kunachitika chozizwitsa. Mapepala anatenga zaka zina. Koma m'mawa mwake ndinamupatsa moni, chinthu chimene vesi 11 la maluwa lija linali lisanandichititsepo.

Mukaonanso Yoswa 1:8, chiganizocho sichithera pa kulingirira. Chimapitirira kuti usamalire kuchita zonse zolembedwamo. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi abale ena amene amati bwereza vesi kambirimbiri kuti litsegule zitseko. Chimenecho ndi chithumwa, kungoti chavala jekete la Lamulungu. Yesu anachenjeza za kubwerezabwereza chabe pa Mateyu 6:7, ndipo Satana poyesa Yesu anatchula Salimo 91 pamtima. Wolingirira amabwereza kuti amve, ndipo amalola vesi limufunse mafunso iyeyo.

Nanga muyambe bwanji? Malangizo amene anandithandiza kwambiri analembedwa mu 1535 ndi Martin Luther, ndipo sanalembere abusa, analembera Peter, womumeta tsitsi, amene anamufunsa kapempheredwe. Anati tenga kachigawo kakang'ono, monga lamulo limodzi mwa khumi aja, ulipote zingwe zinayi: likundiphunzitsa chiyani, ndithokoze chiyani, ndiulule tchimo lanji, ndipemphe chiyani. Anawonjezanso kuti maganizo abwino akayamba kubwera pa chingwe chimodzi, usathamangire kutsiriza zinazo, khala pomwepo umvetsere. Achikatolika ali ndi njira yakale kuposa imeneyi, yotchedwa lectio divina, imene mmonke Guigo anaiyala m'zaka za m'ma 1100 ngati makwerero anayi: kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kupumula pamaso pa Mulungu. Kolona nayenso, akamapemphera bwino, milomo imabwereza pemphero pamene mtima ukuyang'ana chochitika chimodzi cha moyo wa Yesu. Ndanena izi kuti muone kuti zinthu ziwiri zimene mnzanu wazilekanitsa, makolo athu m'chikhulupiriro ankazimanga mtolo umodzi.

Kwa inu ndingoti musinthe ndondomeko. Mawa mukatsegula foni, werengani vesi lokha, kandime kofotokozera mukasiye kaye. Onani mavesi asanu a pamwamba pake ndi asanu a m'munsi, mudziwe akuyankhula ndani, kwa yani. Tolanipo mzere umodzi waufupi woti mutha kuuloweza teksi isanafike Fourways. Umenewo ndiye kamba wa tsikulo. Ntchito yanu, ngakhale ndi yotopetsa, ili ndi mwayi umene wa mu ofesi alibe: manja amatsuka mbale mutu uli womasuka, monga agogo anga ndi chimanga chawo. Madzulo pobwerera ndiye muwerenge zimene mlembi uja analemba. Masiku ena mudzapeza kuti waona zimene inu simunaone. Masiku ena mudzapeza kuti walambalala pamene panali nkhani.

Musafulumire kusintha vesi. Likakana kutha, khalani nalo sabata yonse, foni izingowerenga yokha masiku amene mwaphonya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Padzakhalanso masiku amene mudzatafuna osamva kukoma kulikonse, makamaka pakati pa mwezi ndalama zitatha. Masiku amenewo ndi pamene kabuku, nyimbo ndi mlaga zimakunyamulani, n'chifukwa chake ndati musasiye. Ndipo zimene mwapeza panokha muzikazinena kwa anzanu, poti munthu wolingirira yekhayekha osamva wina sachedwa kuyamba kulota zake n'kumati Mzimu wandiuza.

Mayi mnzanu uja musamusungire chakukhosi. Lamulungu mukakumana, mutatha moni, mumufunse mwaulemu kuti, "Amayi, sabata ino mukutafuna vesi liti?" Akakhala nalo, mwapeza woyenda naye. Akasowa choyankha, mugawireni lanu.

Za m'teksi, konzekani kuti wina adzakuyang'anani chammbali akaona milomo yanu ikugwedezeka popanda foni kukhutu. Hana zinamuchitikira ku Silo, ndipo amene anamuyesa woledzera anali Eli, wansembe.