Mabuku a nkhani zenizeni m'kalasi lodzaza: yankho kwa mphunzitsi wa Sitandade 6

Mphunzitsi wina wa Sitandade 6 wanditumizira imelo yonena kuti sukulu yawo yalandira katoni ya mabuku ofotokoza za mapiri, nyengo, nyama ndi mbiri ya dziko lathu, koma pa mutu uliwonse pali buku limodzi kapena awiri okha, pomwe ana m'kalasi mwawo ndi opitirira 90. Akufunsa ngati kuli koyenera kuwawerengera ana mabuku otere monga momwe amachitira ndi nthano.

Aphunzitsi, ndikuyankheni mosapsatira mawu: musawerenge buku lotere kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Nthano imamugwira mtima mwana chifukwa amafuna kumva chomwe Kalulu achite, koma buku la nkhani zenizeni limamukoka pokhapokha ali ndi funso lomwe likumusowetsa mtendere. Choncho yambani ndi funso, mulilembe pa bolodi, ana anene maganizo awo, kenako mmodzi atsegule tsamba la zam'katimu n'kufufuza pomwe pali yankho. Zimandiwawa kuona ana akufika ku sekondale asakudziwa ntchito ya tsamba limeneli.

Povuta kwambiri ndi pa manambala. Mukawawerengera kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, adzaloweza ndi kubwereza mokweza onse pamodzi, koma m'mutu mwawo simudzakhala chithunzi chilichonse. Ine nditaona zimenezi kwa ana omwe ndinkawaphunzitsa ndinatuluka nawo kupita pabwalo la mpira, ndipo titayeza ndi chingwe kuchokera pa golo lina kukafika pa linzake tinapeza pafupifupi mamita 100. Nditawauza kuti ayerekeze mabwalo 30 otere ataimikidwa chilili, lina pamwamba pa linzake, mtsikana wina anayang'ana kumwamba dzanja lili pakamwa, ndipo titabwerera m'kalasi anali woyamba kupempha bukulo kuti aone yekha chithunzi cha phirilo.

Aphunzitseninso kuona chaka chomwe buku linasindikizidwa, pakuti choona cha dzana chimatha kusintha. Buku lodalira kalembera wa 2008 lidzati Amalawi tilipo pafupifupi 13 miliyoni, pomwe kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni. Musalitaye bukulo, afunseni ana chomwe chachititsa kusiyanako. Chimodzimodzinso buku lochokera ku Ulaya likamakamba za chipale chofewa, auzeni alifanizire ndi dzinja, chisanu ndi chilimwe zomwe amazidziwa kwawo.

Za kuchepa kwa mabuku, agaweni ana m'magulu, gulu lililonse litenge buku lake ndi funso lake, ndipo mabukuwo azizungulira sabata ndi sabata. Ndime yofunika kwa onse muikope ndi zilembo zikuluzikulu pa tchati n'kuipachika pakhoma. Chomwe ndikupemphani ndi chakuti katoniyo isakatsekeredwe mu ofesi ya ahedi poopa kuti ana angang'ambe masamba.