Makina ofinya phala la dothi: yankho kwa woumba njerwa wa ku Kamwendo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina woumba njerwa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji. Akuti anaona kanema pa Facebook, makina akufinya phala pa kabowo kakang'ono, mzere pamwamba pa unzake, mpaka chinthu chinaima chokha popanda chikombole. Akufunsa ngati dothi la kudambo kwawo lingatulutse zinthu zolimba ngati mbali yoyera ija ya pulagi ya njinga yamoto, iwo atagula makinawo.

Bambo, dothi lanulo silingatulutse pulagi, ndipo chokulepheretsani si makinawo ayi.

Njira imeneyi amaitcha robocasting. Anaiyambitsa Joseph Cesarano ndi anzake ku Sandia National Laboratories, malo a kafukufuku wa sayansi ku America, cha m'ma 1996. Makinawo kwenikweni ndi sirinji yaikulu yoyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo mnyamata wodziwa zamagetsi atha kulumikiza ake. Ntchito yagona pa phala ndi pa moto.

Mbali yoyera ya pulagi ija amaipanga ndi alumina, ufa woyeretsedwa kufakitale, wosalala moti simungamve ntchenga pakati pa zala.  Ufawo amausakaniza ndi madzi pang'ono ndi mankhwala oletsa kuti usapange mibulu, mpaka ufa ukhale pafupifupi theka la phala lonse. Phalalo liyenera kuchita ngati mankhwala otsukira mano: mukafinya lituluke, mukasiya liime pomwepo. Likalowa madzi, mizere yapansi imaphwasuka ikasenza yapamwamba. Likalimba kwambiri, kabowo kamatsekeka. Ndipo kampweya kamodzi kotsalira m'phalamo kamadula mzere, pomwepo m'pamene mng'alu udzayambire.

Tsono moto. Uvuni wanu wa nkhuni kawirikawiri sudutsa madigiri 1,000. Alumina amafuna pafupifupi madigiri 1,600 kuti timibulu ta ufa tigwirane, mu ng'anjo yamagetsi yokwera kutentha pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Magetsi akazima pakati, ntchito imaonongeka. Chinthucho chimatulukanso chitachepa, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo 5, ndiye muyeso wake mumawerengeratu pojambula pa kompyuta.

Chimandiwawa n'chakuti miyala ya bauxite, kumene alumina amachokera, ilipo pa phiri la Mulanje, koma ufa woyeretsedwawo tiyenera kuitanitsa kunja.

Musataye mtima nazo. Makina omwewo amaumba bwino ndi dothi la mtapo, ndipo miphika ya maluwa, zotchingira nyale ndi njerwa zamabowo zokongoletsera makonde zimapsa ndi moto umene mumaudziwa kale. Musanatulutse ndalama, pitani kwa amayi oumba mbiya a m'dera lanu mukaone mmene amasankhira dothi, kuchotsa timiyala, kulikanda, ndi kuumitsa mbiya pamthunzi masiku angapo asanawotche. Kenako gulani sirinji yaikulu kogulitsa mankhwala a ziweto, sefani dothi pa nsalu, ndipo finyani ndi dzanja kakapu kakang'ono, mzere ndi mzere. Kayezeni ndi rula kali kakuwisi, kayezeninso katauma, ndiponso katapsa mu uvuni. Mundilembere miyeso itatuyo ndi malo amene ming'alu yatulukira, tidzaone ngati dothi la ku Kamwendo likufuna kuwonjezera mchenga wosefa kapena njerwa zosinja.