Mphaka akutafuna asparagus fern, ndichitaye chomerachi?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Ali ndi chomera cha m'nyumba chamasamba ofewa ngati nthenga, chija ogulitsa maluwa amachitcha asparagus fern. Mphaka wawo wayamba kuchitafuna, komanso masamba akusanduka achikasu n'kumayoyoka. Akufunsa ngati achitaye.

Mayi, mtima m'malo. Poizoni alimo ndithu, ndipo bungwe loteteza nyama la ASPCA ku America linachiika m'gulu la zomera zovulaza amphaka ndi agalu, koma kawirikawiri sapha. Poizoniyo amatchedwa sapogenin. Choopsa kwambiri ndi tizipatso take tonga mikanda: pa mtundu wa Asparagus densiflorus timafiira tikapsa, pa Asparagus setaceus timada. Chiweto chikatidya chimasanza, kutsekula m'mimba ndi kumva kupotokola. Chikamadzikhula pa chomeracho masiku ambiri, khungu limayabwa n'kufiira.

Mphaka wanu akasanza kamodzi n'kupitiriza kusewera, muikireni madzi akumwa, muzimuyang'anira. Koma akamasanza mobwerezabwereza, akukana madzi, wangoti khuma pakona, thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto, mutenge ndi kanthambi ka chomeracho kuti akaone. Za kumumwetsa madzi amchere kuti asanze, chonde ayi, mcherewo ungamuvulaze kuposa chomera.

Ine sindingafulumire kuchitaya. Dulani tizipatsoto tidakali tobiriwira, chomeracho muchipachike m'mwamba kutali ndi shelefu kapena zenera, poti mphaka akafuna chinthu amalumpha. Akapanda kumva, chipatseni mnzanu wopanda ziweto, inu mugule Boston fern, yomwe ilibe poizoni. Kunena zoona, chanucho si fern n'komwe. Kwawo ndi kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo ndi m'bale wake wa katsitsimzukwa wa kutchire uja. Sisitani tsinde ndi chala pang'onopang'ono, mumva timinga tikukukodolani.

Tsono za masamba achikasu. Nthawi zambiri vuto ndi dzuwa lomenya mwachindunji kapena mpweya wouma, makamaka mu Okutobala. Chiikeni pamalo powala koma pamthunzi, kuseri kwa katani yopepuka. Musanathirire, lowetsani chala m'dothi. Ngati pamwamba pauma, thirani mpaka madzi atuluke pansi, ndipo otsalira m'mbale muwakhuthule, mizu ingaole. Nthambi zomwe zauma kale sizibiriwiranso, zidulireni m'munsi penipeni, zatsopano ziphuka kuchokera m'dothi. Mukachizula n'kupeza mizu yatupa ngati timbatata toyera, musadabwe, ndi mmene chimasungira madzi. Ikadzaza m'chitini mpaka kutukula dothi, chisamutsireni m'chachikulu.