Yankho kwa amalume pa nkhani ya ana a Roma

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndauona uthenga wanu pagulu pano, uja mukufunsa ngati zili zoona zimene zili mu kavidiyo kaja, zoti ana a Roma, mtundu wina wa anthu wopezeka m'mayiko ambiri kuno ku Ulaya, amathawa sukulu chifukwa makolo awo alibe nazo ntchito za maphunziro. Ndikati ndilembe zala zitopa, ndiye ndingoyankhula, mundimvere bwino.

Kusiya sukulu akusiyadi, zimenezo sindingakane. Bungwe la European Union loona za ufulu wa anthu, lotchedwa FRA, litafufuza mu 2021 linapeza kuti mwa achinyamata a Roma a zaka 18 mpaka 24, okwana 71 pa 100 alionse anasiyira sukulu panjira. Koma kavidiyo kaja nkhaniyi kaigwirira kumchira. Mwana sangodzuka m'mawa n'kunena kuti basi ine sukulu ndaleka. Amakhala kuti akhala akumukankhira kunja pang'onopang'ono chiyambire tsiku loyamba.

Ana ambiri amene ndimathandiza m'kalasi kuno ku Sheffield, ku England, makolo awo anachokera kum'mawa kwa Slovakia, cha ku Košice ndi Prešov. Anayamba kubwera kuno Slovakia italowa mu European Union mu 2004. Kwawoko mwana amakula akuyankhula Chiromani pakhomo. Ikakwana nthawi yoyamba sukulu, amakamuyesa nzeru m'chiyankhulo cha boma, chimene mwina wangochimvapo apo ndi apo. Inu amalume munagwira choko zaka zambiri, mukudziwa mmene mwana amaumira pakamwa akafunsidwa m'chiyankhulo chimene sachimva. Ndiye akangoti kukamwa yasa, amamulemba kuti mutu wake sugwira, n'kumutumiza kusukulu ya ana ovutika kuphunzira. Mwana wabwinobwino, amalume, wochangamuka ndithu.

Zimenezi si zongomva kwa anthu ayi, zinafika mpaka kukhoti. Ana 18 a Roma a mumzinda wa Ostrava ku Czech Republic anakasuma ku khoti la ku Ulaya la ufulu wa anthu, lomwe lili ku Strasbourg, ndipo mu 2007 anapambana. Umboni unaonetsa kuti ku Ostrava mpata woti mwana wa Roma aponyedwe kusukulu yoteroyo unali waukulu kuwirikiza ka 27 kuyerekeza ndi wa ana ena. Dziko la Hungary nalo linagonja pa mlandu wonga womwewu mu 2013. Tsono chopweteka n'chakuti kusukulu zimenezo amaphunzitsa zochepa zedi, moti ukamaliza kumeneko khomo la sekondale yeniyeni limakhala lotseka kale. Mwana wa zaka 15 akayang'ana kutsogolo n'kuona kuti kulibe njira, mungamuuze chiyani kuti apitirize?

Ine ndinalandirapo kamnyamata kamene mapepala ake ochokera kwawo ankati sikangathe kuphunzira ndi anzake. Masabata oyamba kankangokhala pakona, jekete osavula, mutu uli pansi. Tsiku lina tikuchita masamu a ndalama, ndinangoona kakusuntha timakobili ta pulasitiki patebulo, yankho kapeza kale anzake asanatole n'komwe pensulo. Chaka chisanathe kanali kakuwerenga Chingerezi mokweza pamaso pa kalasi yonse. Ndikakumbuka kuti pali ana masauzande onga ameneyu amene anangotsala ndi pepala lija, mtima umandiwawa kwambiri.

Ndiye pali umphawi. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti a Roma 80 pa 100 alionse anali pachiopsezo cha umphawi, ndipo 22 pa 100 ankakhala m'nyumba zopanda madzi a m'mpopi. Ku Ulaya konkuno, amalume. Ku Romania kuli malo otchedwa Pata Rât, pambali pa dzala la zinyalala la mzinda wa Cluj-Napoca, kumene mabanja ena anakatayidwa atawachotsa mumzinda m'nyengo yozizira mu December 2010. Mwana wochokera malo otero amafika kusukulu wosasamba, nsapato zili matope okhaokha, anzake n'kumagwira mphuno, mphunzitsi n'kumukhazika kumbuyo. Makolo a ana ena nawo amachotsa ana awo, mpaka sukulu yonse imasanduka ya a Roma okhaokha. Mu 2021 ana a Roma oposa theka anali m'sukulu zimene ana ake onse kapena ambiri ndi a Roma, ndipo mu 2023 European Commission, nthambi yoyendetsa European Union, inatengera Slovakia kukhoti pa nkhani yomweyi ya tsankho m'masukulu.

Za makolo zija, eee, ndisakunamizeni, alipo mabanja ena amene amakwatiwitsa atsikana akadali aang'ono, ndipo zimenezo n'zoipa, ine sindingaziikire kumbuyo. Alipo anyamata amene akafika zaka 15 amakonda kukatsuka magalimoto kuti apeze ya lero lomwe, paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma funsani kuti bambo akewo sukulu inawapatsa chiyani. Anakhazikidwa kumbuyo komweko, ndipo amene analimbikira n'kupeza satifiketi, akakafunsira ntchito ankabwezedwa abwana atangoona nkhope kapena dzina. Musaiwalenso kuti anthu amenewa, omwe makolo awo akale anachokera kumpoto kwa India, ku Romania anali akapolo mpaka 1856, ndipo a Nazi anawapha masauzande mazanamazana. Munthu wa mbiri yotero akalandira kalata ya boma, choyamba kubwera mumtima mwake ndi mantha.

Kuno nako sikuti zonse zili bwino. M'masukulu a ku England ana a Roma ali m'gulu la ana amene amachotsedwa sukulu kwambiri. Chimene chimatidyera atsikana ambiri ndi kumasulira. Mtsikana amajomba chifukwa waperekeza mayi ake kuchipatala, mawa kwa mwini nyumba, mkuja ku ofesi ya zothandizira mabanja, poti m'banjamo Chingerezi amachidziwa ndi iye yekha. Akabwerera wapeza anzake apita patali, manyazi amugwira, ajombanso. Lendi ikavuta banja lasamuka, sukulu ina, kuyambiranso.

Chimene ndaona chikuthandiza kwathu kuno n'chakuti sukulu inalemba ntchito mayi wina wa Chiroma. Mwana akapanda kubwera, iye amapita kukagogoda pakhomo n'kuyankhula ndi makolo m'chiyankhulo chawo, ndipo makolo amene kale sankaponda pageti pano amabwera kumisonkhano. Ku Slovakia nako kuyambira 2021 mwana aliyense wa zaka 5 akuyenera kupita kusukulu ya mkaka, kuti azifika kupulayimale atachizolowera chiyankhulo.

Ndiye chonde kavidiyo kaja musakatumizenso kumagulu ena. Nthawi yopuma yandithera, ana akulowa. Mupereke moni kwa azakhali, ndikuimbirani Loweruka madzulo.