Mizere ya nyali za magalimoto ikukana kutuluka pa vidiyo

Mnyamata wina wa ku Chelstone mu Lusaka wanditumizira imelo. Akuti anakaima usiku pa mlatho wa oyenda pansi wa pa Manda Hill n'kujambula vidiyo ya magalimoto a mu Great East Road, koma kunyumba anangoona timadontho ta nyali tikudutsa. Mizere yaitali yofiira ndi yoyera imene nyali za magalimoto zimalemba pa zithunzi za usiku kunalibe. Akufunsa ngati kamera yake ndi yachabechabe.

Achimwene, kamera yanu ilibe mlandu. Nkhani yagona pa nthawi imene shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, imakhala yotsegula. Vidiyo yathu kuno timajambula zithunzi 25 pa sekondi, ndipo shutter timaiika pa 1/50 ya sekondi kuti nyali za magetsi zisamaphethire, poti magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Tsono galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda masentimita 33 okha m'kanthawi kameneko. Mzere uchokera kuti? Koma shutter ikakhala yotsegula masekondi 2, galimoto yomweyo imayenda mamita 33, nyali zake n'kulemba mzere wonsewo pa chithunzi chimodzi.

Ndiye njira imene ndimaikhulupirira ndi timelapse. Muzijambula zithunzi, osati vidiyo, chilichonse shutter itatseguka masekondi 2, ndipo chatsopano chiziyamba masekondi 3 alionse. Zithunzi 250 mukazilumikiza pa kompyuta zimapereka vidiyo ya masekondi 10, koma inu mukhala mutaima pamenepo mphindi 12 ndi theka. ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) ikhale pa 100, aperture (kukula kwa kabowo ka mu lens) pa f/8 kapena f/11. Focus (pamene chithunzi chioneke chakuthwa) muike ndi dzanja pa nyali ya mumsewu yakutali, kenako muisiye, chifukwa autofocus, yoika kamera yokha, usiku imangosakasaka.

Ngati kamera yanu ndi ya vidiyo yokha, yang'anani slow shutter mu menyu. Makamera ena amalola shutter kutsika mpaka 1/4 ya sekondi. Mizere ituluka yaifupi ndipo chithunzi chizidumphadumpha, komabe ndi poyambira.

Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, musaisiye kunyumba, ngakhale nayonso siithetsa zonse. Ine ndinatayapo usiku wathunthu pa mlatho wina chifukwa anthu akamadutsa unkanjenjemera pang'ono. Mapazi anga sankamva kanthu, koma mizere yonse inatuluka yokhotakhota ngati yalembedwa ndi mwana wa giredi 1. Masiku ano ndimaimika tripod pamwamba pa mzati wa mlatho, osati pakatikati.

Za nthawi: dzuwa kuno limalowa cha m'ma 18 koloko, ndipo mphindi zotsatirapo, thambo lisanaderetu, n'zimene ndimazikonda kwambiri. Vuto n'lakuti ndi nthawi yomweyo imene anthu akuweruka, maminibasi atathithikana mumsewu, ndipo galimoto yoima silemba mzere. Sankhani mbali imene magalimoto akuyendadi. Popeza timayendetsa kumanzere, zofiira zikhala kumanzere kwanu, zoyera kumanja. Mvula ikangokata kumene, tara wonyowa amabweza kuwala konseko, mizere n'kuoneka ngati yawirikiza.

Ndipo chonde musapite nokha. Maso anu akhala pa kamera, ndiye pakhale mnzanu woyang'anira chikwama ndi kumbuyo kwanu.