Mwana wapezeka, munthu wamangidwa: mlandu woba mwana umayenda bwanji kukhoti?

Mayi, mwafunsa kuti mwana wa achemwali anu wa zaka 14 anatengedwa ku Kapiri ndi bambo wina amene anamulonjeza ntchito ku Chipata, wapezeka patatha milungu iwiri, bamboyo ali m'manja mwa apolisi ku Mchinji boma, ndiye abale ake abwera ndi ndalama kuti mukatseke mlandu. Mukufuna kudziwa kuti zoterezi zimatha bwanji. Pepani ndi zomwe mwakumana nazo. Koma ndalamazo musazikhudze. Mlandu uwu si wa banja lanu ayi, ndi wa boma, inu ndinu mboni chabe. Amene angauimitse ndi woimira boma pa mlanduwo khoti litalola, kapena mkulu wozenga milandu ya boma, DPP. Amfumu angakhazike mabanja pansi kuti asamatukwanane pa chitsime, koma mbuzi ya chipepeso sitseka mlandu waukulu ngati uwu. Ndipo mukalandira ndalama n'kusiya kupita kukhoti, inuyo mukhoza kupezeka mwapalamula.

Choyamba funsani wofufuza mlanduwo kuti munthuyo amutsegulira mlandu uti, chifukwa mawu oti "kuba munthu" ali ndi mitundu. Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, imapereka zaka 7 pa kuba munthu wamba, kaya kumutulutsa m'dziko kapena kumuchotsa m'manja mwa omulera. Lamulo loteteza ana la 2010 limapereka zaka 10 kwa wotenga kapena kubisa mwana popanda chilolezo cha kholo. Koma ngati cholinga chinali kukamugwiritsa ntchito m'munda wa fodya, m'nyumba kapena m'bala, pamenepo pafika lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, ndipo kwa mwana chilango chimafika zaka 21. Ngati anamugona, umenewo ndi mlandu winanso pawokha, wolemera kuposa. Nthawi zambiri doketi, fayilo ya mlandu ya apolisi, imafooka chifukwa tsiku loyamba mwana anali ndi manyazi, sananene zonse, ndiye wapolisi analemba mlandu wopepuka. Mupite naye ku Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, akafotokoze bwinobwino pamalo opanda gulu, ndipo mutenge kalata ya apolisi yokapimitsira ku chipatala cha boma msanga.

Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48. Kumeneko amamuwerengera mlandu. Akavomera, nkhani imafupika: woimira boma amafotokoza zomwe zinachitika, iye n'kutsimikiza, majisitireti n'kumupeza wolakwa tsiku lomwelo. Akakana amaika tsiku la mboni, ndipo iye amapita ku rimandi kapena amapempha belo. Akatuluka pa belo musaganize kuti apolisi adya chibanzi ndipo mlandu wafa. Belo ndi ufulu umene khoti limauyeza. Koma poti kuno malire ali pafupi, ndipo njira za madulira zopita ku Zambia n'zambiri kuposa chipata cha Mwami, muuzeni woimira boma ngati munthuyo ali ndi abale kutsidyako kapena ngati akukuopsezani. Zimenezo n'zomwe khoti limamvera pokana belo.

Tsopano pamene milandu yotereyi imagwera. Zaka za mwana ndiye mwala wapangodya. Kungonena kuti "anabadwa chaka cha njala" sikukwanira. Fufuzani khadi la sikelo, buku la kuchipatala, chikalata cha ubatizo kapena kaundula wa kusukulu, ndipo mayi ake omubereka akaime n'kutchula tsiku. Woimbidwa mlandu adzanena kuti mwanayo anapita yekha, anali chibwenzi chake, kapena ankaoneka wamkulu. Kwa mwana wa zaka 14 kuvomera kwake kulibe mphamvu, chofunika n'chakuti kholo silinalole. Apa pali msampha wina woti muukonzekere: ngati pakhomopo wina analandirako kangachepe kuti mwana apite kuntchito, nenani lero kwa wofufuza, isadzatulukire pakamwa pa woimbidwa mlandu.

Mboni zina zimatayika msanga. Wakabaza amene anawanyamula kuchoka ku Kapiri mpaka ku Kamwendo, mwini nyumba kumene mwana anasungidwa, munthu amene anamupeza, onsewa alembedwe maina akadakumbukira. Foni musafufute chilichonse, mameseji a WhatsApp ndi umboni wa ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba muwaonetse apolisi. Mboni zokhala ku Zambia n'zovuta kuzibweretsa, choncho limbikirani za kuno.

Tsiku la khoti mwana akhoza kupereka umboni m'chipinda chopanda anthu ambiri ngati woimira boma wapempha, choncho mukumbutseni. Woimbidwa mlandu ali ndi ufulu womufunsa mafunso. Musamuphunzitse zonena, majisitireti amazindikira mawu oloweza. Mboni za boma zikatha, khoti limagamula ngati munthuyo ali ndi mlandu woti ayankhe. Likaona kuti umboni ndi wosakwanira, amamasulidwa pomwepo asanatsegule n'komwe pakamwa. Apa m'pamene mabanja ambiri amalirira, ndipo chifukwa chake kawirikawiri n'chomvetsa chisoni: mlandu unaimitsidwa kawiri katatu, ndalama ya thiransipoti inatha, mboni zinatopa n'kusiya kubwera. Sonkhani ndalama ya ulendo ngati banja, ndipo nthawi iliyonse musachoke pakhoti musanalembe tsiku lotsatira ndi nambala ya mlandu.

Akapezeka wolakwa, amapatsidwa mpata wodandaula: kuti ndi koyamba, ali ndi ana, anavomera osavutitsa khoti. Zaka zomwe ndatchula zija ndi mapeto a chilango, sikuti aliyense amalandira zonsezo. Majisitireti wa First Grade sapyola zaka 14, Resident Magistrate amafika 21, ndipo akaona kuti mlandu ukufuna zoposa mphamvu zake amautumiza ku High Court kuti ikapereke chilango. Mlandu wakupha munthu umazengedwa ku High Court basi. 

Chigamulo chikaperekedwa, fayilo ya chilango chachikulu imapita ku High Court ku Lilongwe kuti jaji akaiunikenso, ndipo akhoza kutsimikiza, kuchepetsa kapena kuwonjezera. Womangidwayo angachitenso apilo. Ngati mukuona kuti doketi yagona kapena wofufuza akuzemba, pitani kwa mkulu wa polisi ya Mchinji kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha ana kwa DC, mutatenga nambala ya mlandu ija. Abale obwera ndi ndalamawo muwanenenso kwa wofufuza, alembe tsiku limene anabwera ndi zomwe ananena.